Chithunzi Chopanda Nkhope cha Laurinda

Pa Cassacatiza panatha zaka ziwiri zathunthu popanda ukwati wa m'kapela. Nkhondo inali itatseka msewu wochokera ku Tete, ndipo magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ulendo umene anthu ankautcha koluna. A Padiri ankabwera ndi koluna yomweyo, ikapezeka. Ndiye uthenga utamveka woti afika sabata yoyamba ya Novemburu, m'chaka cha 1985, malo onse anatekeseka ngati chulu chopondedwa ndi ng'ombe. Natália ndi Alfredo, amene anali atadikira mpaka kutopa, anauzidwa kuti akonzeke msanga, mvula igwe isagwe.

Chovala cha mkwatibwi ankasoka ndi Laurinda, mayi ake aang'ono a Natália. Ankasokera m'nyumba, chitseko chili chotseka theka. Kwawo kunali ku Mualadzi, ndipo kumeneko dzina lake linkatchulidwa paliponse pamene ng'oma ya chimtali yalira. Anthu ankayenda kuchokera midzi yakutali kudzangoona mmene ankazungulira m'bwalo. Koma chaka chapitacho, m'mawa wina, anthu amfuti anatulukira kuchokera m'tchire n'kuyatsa mudzi wawo. Mkulu wake Felizarda, mayi wa Natália, anali gone m'nyumba ndi malungo. Laurinda analowa mu utsimo n'kumukoka miyendo mpaka panja, koma udzu woyaka wa padenga unamugwera kumaso. Tsaya lamanzere, khutu ndi khosi zinapsa, ndipo zitapola zinasiya khungu lonyezimira, lokokana, limene linkakokera diso pansi. Kuyambira pamenepo ankamanga mpango mopingasa kubisa theka la nkhope. Atathawira pa Cassacatiza sankapita kumsika anthu ali ambiri, ndipo ng'oma ikalira ankadzipezera ntchito kuseri kwa nyumba.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, kunamveka nkhani ina imene inatsala pang'ono kuuphimba ukwatiwo: Cipriano wapeza makina ojambulira.

Cipriano anali wokonza njinga pafupi ndi posto ya pamalire. Makinawo anawasinthanitsa ndi mbuzi yake yaikazi kwa shofero wina, woyendetsa galimoto wa ku Zambia dzina lake Jester, amene anamuwonjezera ndi marolo awiri a filimu. Chibadwire Cipriano anali asanajambulepo ngakhale nkhuku. Koma ankayenda nawo pakhosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ngakhale pomata matayala, ndipo aliyense womufunsa ankamuyankha kuti, "Palibe chovuta apa. Usuzumira pa kabowo aka, udina apa, basi munthu walowa."

Felizarda anafika kunyumba akuthamanga, mtsuko uli theka, madzi ena atatayikira m'njira.

"Laurinda, wamva? Mwana wanga akhala pa pepala! Ine nkhope ya amayi athu ndayamba kuiiwala, koma zidzukulu zanga zidzamuona Natália ali mbee ngati kakowa."

Laurinda anamwetulira ndi mbali ya kamwa imene inkamvera, koma singano inaima m'manja mwake.

"Akulu, mumuuze Cipriano makina akewo asandiloze ine."

"Ndimuuza, ndimuuza," anatero Felizarda, maso ali kale pa nsalu yoyera. Ndipo anaiwala asanatuluke n'komwe pakhomo.

Koluna inafikadi Lachisanu, a Padiri ali fumbi lokhalokha mpaka m'nsidze, ndipo Loweruka m'mawa kapela inadzaza mpaka pakhomo. Amayi onse a gulu la kapela anavala nsalu yomanga m'chiuno, kapulana, ya mtundu umodzi, yofiira ya maluwa achikasu, imene anaiitanitsa ku Katete. Laurinda naye anamukakamiza kuvala. Misa inatha bwino, nthungululu zinang'amba denga. Koma anthu akuti azituluka kupita pansi pa mitengo pamene anakonza phwando, kumwamba kunada bii, ndipo mvula yoyamba ya chaka inakhuthuka ngati wina wagubuduza mbiya.

Palibe anadandaula. A Marko, katekista wa pamalopo, analamula kuti mabenchi akankhidwire kumakoma, mazenera amatabwa atsekedwe kuti mvula isalowe, phwando lichitikire momwemo. M'kapelamo munachita mdima ngati m'nkhokwe. Kuwala kunkangolowera pakhomo ndi pa kabowo kamodzi ka padenga.

Woimba ng'oma anali a Kalekeni, bambo wachikulire wothawanso ku Mualadzi. Iwo sanali a kapela. Ankathira nsembe za ufa patsinde pa mtengo monga ankachitira makolo awo, ndipo ndi a Marko ankakangana pafupifupi sabata iliyonse. Koma manja ngati awo kunalibe, choncho tsiku limenelo katekista anawanyamulira yekha ng'oma kulowa nayo.

Laurinda anakhala pakona, kuseri kwa chitseko, akutunga thobwa. Amayi anazungulira bwalo nyimbo ziwiri, zitatu. Kenaka a Kalekeni anatembenuza mutu, namuona, n'kusintha kaimbidwe. Anayamba ka ku Mualadzi, kamene kamayamba pansipansi ngati njiwa, kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi. Laurinda anamva ng'omayo ikulowera kuzidendene. Anatunga chikho china, thobwa n'kutayikira pa phazi. Anayang'ana uku ndi uku. Mdima unalipo wokwanira. Anaika chikho pansi.

Sanadziwe kuti wafika bwanji pakati. Anangomva amayi akutsegula bwalo, wina akukuwa kuti, "Eyaa! Wadzuka wa ku Mualadzi!" Miyendo inakumbukira zonse. Anatsika, anakwera, anagwetsa phewa n'kuzungulira, kapulana ikumuthamangira pambuyo. Mvula padenga, ng'oma pansi, nthungululu pakati. Anavina mpaka thukuta kulowa m'maso.

Ng'oma itaduka, anaima wefuwefu, akuseka. Ndipo m'pamene anazindikira zinthu ziwiri. Mpango unali utatsetserekera m'khosi, nkhope yonse ili poyera. Ndipo patsogolo pake penipeni, atanyonyomala, panali Cipriano, makina ali padiso.

"Ndakugwirani, amayi! Katatu konse!" anatero mokondwa.

Laurinda anakoka mpango n'kutuluka pamvula osayang'ana m'mbuyo.

Filimu ija inapita ku Lusaka ndi Jester kuti akaitsuke, ndipo kudikira kwake kunali phwando lachiwiri. Galimoto iliyonse ikalira kuchokera mbali ya Zambia, anthu ankasiya makasu m'mizere n'kuthamangira kumsewu. Felizarda anasema yekha timitengo ta nsungwi topachikira zithunzi zimene anali asanazione. Alfredo anazira khoma la chipinda ndi dothi loyera. Amayi ankakangana kuchitsime kuti adzaoneke bwino koposa ndani.

Laurinda yekha ndiye mtima unali m'mwamba. Nkhope yake anali asanaione pagalasi chipsereni, koma ankaidziwa ndi zala, ankaidziwanso ndi mmene alendo ankathawitsira maso. Tsopano ikhala pa pepala, izidutsa m'manja mwa aliyense, ngakhale iye atafa. Tsiku lina analimba mtima n'kupita pamene Cipriano ankakonzera njinga.

"Achimwene, zikabwera, zanga zija mundipatse ndisanaonedwe ndi munthu."

"Kuti mukapachike?"

"Kuti ndikasonkhezere moto."

Cipriano anatsegula pakamwa, koma ataona diso lake anangoti, "Chabwino, amayi." Laurinda anabwerera osakhulupirira. Cipriano anali munthu wabwino, koma chinsinsi m'manja mwake chinali ngati madzi m'lichero.

Zinafika patatha masabata asanu, Lachinayi masana. Jester anayamba kuliza hutala ali kutali, mkono uli panja pa zenera, akugwedeza envulopu yachikasu. Panalibenso woitana mnzake. Pamene galimoto inkaima, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi njinga za Cipriano panali patadzaza kale, ena ali ndi matope a kumunda mpaka m'mawondo. Laurinda anafika pomalizira n'kuima kumbuyo, dzanja lili pa mpango. Anayesa kukodola Cipriano, koma mwini makinayo analibenso maso a munthu mmodzi.

Cipriano atalandira envulopu ija, anayamba wasamba m'manja ndi sabau kawiri. Anapukuta pa malaya. Anang'amba envulopu pang'onopang'ono, natulutsa mpukutu wa zithunzi, n'kuyang'ana choyamba. Anayang'ana chachiwiri. Chachitatu. Kumwetulira kunatsika pankhope yake ngati phala pakhoma.

"Tatiyeni nazo, inu!" anakuwa Felizarda, n'kutsomphola chapamwamba.

Anachiyang'ana. Anachitembenuza chadodolido. Anachibwezanso.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Pa pepalapo panali mizati iwiri ya utsi, wina woyera wina wakuda, itatsamirana. Mitu inalipo, koma inali ngati yafufutidwa ndi chala chonyowa. Maso, mphuno, pakamwa, palibe. Pamwamba pawo panadutsa kamzere ka kuwala kokhotakhota.

"Ameneyo ndi Natália ndi Alfredo," anatero Cipriano ndi mawu a munthu wodwala.

"Natália wake uti? Ine ndinabereka mwana, sindinabereke nkhungu!"

Jester anatsika m'galimoto akukanda m'mutu. Anafotokoza kuti mkulu wotsuka zithunzi ku Lusaka anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti mumdima makina amatsegula diso nthawi yaitali kuti aone, ndiye chilichonse chogwedezeka chimapakika ngati matope. Pa zithunzi makumi awiri ndi zinayi, chooneka bwino chinali chimodzi chokha: benchi.

Kumbuyo kuja, Laurinda anamva zonsezo. Anatsamira mtengo n'kupuma mpweya umene anausunga masabata asanu.

"Mbuzi yanga," anadandaula Cipriano. "Bweretsani, ndikaponye pamoto zonsezi. Ndachita manyazi, ine."

Koma zinali zitabalalika kale. Dzanja ili latenga, ilo latenga, timagulu ta anthu titaunjikana mitu pamodzi. Ndipo pakati pa kung'ung'udzako panamveka kuseka. Anali Natália, atagwira chithunzi cha utsi uwiri chija.

"Amayi, musakalipe. Ndi mmene ndinkaonera ine tsiku limene lija! Misozi inali m'maso, mutu ukuzungulira, anthu nonse munali chonchi, mitundu yokhayokha. Ndinkadabwa kuti ndidzamufotokozera bwanji munthu. Taonani mmene ndamutsamirira. Ndinkaopa kugwa!"

"Ndipo umalemera," anatero Alfredo. Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula zonse.

A Marko anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi. Analoza kamzere ka kuwala kaja. "Abale, ichi musachitenge mwamasewera. Kuwala uku kwatsikira pa mitu ya awiriwa, osati pa wina aliyense. Ine sindinena zambiri, koma dalitso likamatsika limatsika chonchi."

"Ndi bowo la padenga limenelo, a katekista," anatero wina. "Lija tinakuuzani kuti mufolere."

"Nanga dalitso lingalowere pati ngati denga lili lotseka?" anabweza a Marko, osagwedezeka.

A Kalekeni anali ndi chithunzi china, cha gulu lonse likuvina. Ankawerenga ndi chala. Atamaliza anayambiranso.

"Amayi ovina analipo angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Muno muli mitu makumi awiri ndi isanu ndi itatu. Aliyense ali ndi wina kumsana kwake, wotuwa, akuvina naye." Anakweza maso. "Mumati tinawasiya ku Mualadzi. Sanatsale. Anamva ng'oma yawo n'kubwera."

Mayi wina anatenga chithunzicho n'kuchiyandikiza kumaso. "Uyu wa kumbuyo kwangayu ndi wamfupi. Ndi amayi anga awa. Ankavina chowerama chonchi." Analira pang'ono, kenaka analiza nthungululu yaitali, anzake n'kulandira.

"Zimenezo ndi za makina," anatero a Marko, koma mawu awo analibe mano.

"Kuwala kwanu kuja si kwa makina?" anafunsa a Kalekeni. Akuluakulu awiriwo anayang'anana, ndipo aliyense anabwerera pa chithunzi chake ali wokhutira.

Alfredo naye anali atapeza chake. Mkulu wake Ernesto anali wa milisiya, gulu la boma lolondera mudzi, ndipo pa ukwatiwo anaima pambali pa mkwati ndi mfuti paphewa. Masiku amenewo chithunzi choterocho chinali imfa. Anthu amfuti a m'tchire aja akachipeza m'nyumba mwako, sankafunsa mafunso. Mayi awo anali atanena kale kuti chikabwera achikwirire pansi m'chitini. Tsopano Alfredo anachikweza m'mwamba.

"Taonani akulu anga! Ndani angawadziwe? Mfuti yasanduka mpini wa khasu! Ichi ndipachika pakhoma masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndikudziwa kuti ndi iwo, basi zakwana."

Cipriano anadzutsa mutu pang'ono. Felizarda anali akadali ndwii, koma anali atabwereka chithunzi cha mwana wake n'kumachiyang'ana chapambali.

Kenaka phokoso lalikulu linabuka kumene kunali amayi.

"Bwerani mudzaone ichi! Ayi, ichi ndiye chaposa!"

Chinali cha munthu mmodzi yekha, pakati pa mdima. Kunena zoona sanali munthu. Chinali chinthu chofiira chozungulira, chotambalala pansi, chopyapyala pakati, mizere yachikasu ikuchizinga ngati ikuthawa. Mbali imodzi kunatuluka mikono, koma inali isanu kapena isanu ndi umodzi, yotambasuka motsatizana ngati nthenga za phiko. Pamene pakanakhala mutu panali kadontho kowala, kopendekera kumanzere.

"Ndi kavuluvulu!"

"Kavuluvulu wofiira unamuona kuti? Ndi tambala uyu, akukupiza mapiko."

"Ine ndikuona duwa la chitedze likutseguka."

"Duwa la chitedze silifiira chonchi, iwe. Ndi moto uwu. Moto wa lupsa ukukwera phiri."

Mawu akuti moto anamubaya Laurinda pamtima. Anafuna kuchoka. Koma miyendo inamutengera kutsogolo, mpaka anaima kumbuyo kwa mapewa a anzake.

"Kaya ndi moto kaya ndi tambala," anatero mayi wina wonenepa, "koma ndine. Chiuno ichi ndi changa."

"Inu? Munazungulira liti inu, mumangopondaponda ngati mukuponda dothi la njerwa? Ndine uyu!"

"Kapulanayi ndi yanga, taonani maluwa!"

"Tonse tinavala yomweyo, mayi!"

Amayi asanu anachigwira nthawi imodzi, aliyense akulumbira. Cipriano, amene kanthawi kapitako ankafuna kuzitentha, analowa pakati akukuwa kuti asang'ambe ntchito yake. Anamufunsa kuti anene mwini chithunzi, koma iye anati anajambula ambiri, ndipo mumdima muja sakanatha kulumbira. Pamapeto pake anagwirizana kuti aweruze ndi woimba ng'oma.

A Kalekeni anachilandira, nachitalikitsa kutalika kwa mkono wawo. Sanachedwe.

"Mukulimbirana chiyani? Ine ndaimbira amayi ovina zaka makumi anayi. Woimba ng'oma sayang'ana nkhope, amayang'ana phewa, kuti adziwe pomenya. Nonsenu mumazungulira kutsata dzanja lamanja. Amene amagwetsa phewa lamanzere n'kuzungulira chobwerera, mutu utapendekera chonchi ngati akumvetsera pansi, alipo mmodzi yekha kuchokera ku Mualadzi mpaka kuno." Anasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu. "Laurinda, tabwera udzatenge chako."

Anthu anapatuka. Laurinda anatambasula manja onse awiri, ndipo chifukwa choti anali awiri, mpango unalibe wougwira. Sanalabadire.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunafuna tsaya lija, diso lija lokokeka. Munalibe. Anafunanso nkhope yakale, ya mtsikana wa ku Mualadzi, imene ankaiopa kuposa yatsopanoyi chifukwa ikanamuliza. Nayonso munalibe. Munali chimene ankamva m'thupi akamavina, chimene sanaganizepo kuti chingaoneke ndi maso: kupepuka kuja, mikono kuchuluka, dziko kusungunuka m'mbali.

"Ndi moto, eti?" anafunsa Felizarda chapansipansi, atafika pambali pake. Mawu ake anali ndi mantha, pakuti moto umene unapsereza mng'ono wake unali woti upsereze iyeyo.

"Ayi, akulu," anatero Laurinda. "Moto ndimaudziwa ine. Suoneka chonchi." Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, pakamwa ponse, mbali yomvera ndi yosamvera yomwe. "Ndine uyu! Mayo ine, kodi ndimavina chonchi? Nanga bwanji simunandiuze?"

"Timakuuza, sumamva!" anakuwa mayi wonenepa uja, n'kumukumbatira mpaka kumunyamula.

Nthungululu zinamveka mpaka ku posto, asilikali awiri n'kubwera kudzafunsa chimene chachitika. Anawapatsa chithunzicho. Wina anati ndi nanazi. Mnzake anati ndi mkazi amene anamusiya ku Angónia, ndipo anapempha kuti achigwire kanthawi.

Laurinda anatembenukira kwa Cipriano, maso akuwala.

"Achimwene, paja marolo anali awiri?"

"Inde, amayi. Koma ulendo uno ndijambulira panja, padzuwa, aliyense ataima chilili. Ndaphunzira."

"Mwaphunzira zolakwika. Lamulungu lino tikatseka mazenera."

Lamulungu limenelo, mapemphero atatha, kunja kuli dzuwa la ng'amba, anthu a pa Cassacatiza anadzitsekera m'kapela n'kupanga mdima ndi manja awo. A Marko anakana kufolera bowo lija. Laurinda ndiye ankalamula. Anauza amayi kuti wina azungulire msanga, wina pang'onopang'ono, kuti aone kusiyana kwake. Anamangirira nsalu yoyera padzanja la Natália kuti ijambule mzere m'mwamba. Felizarda, amene anati sanabereke nkhungu, anavina kawiri n'kupempha kachitatu. Ngakhale a Kalekeni anauza Cipriano kuti aloze manja awo ali pa ng'oma, aone ngati angachuluke ngati a Laurinda.

Cipriano atalengeza kuti kwatsala kudina kamodzi, Laurinda anakweza dzanja.

"Chimenecho ndi changa. Koma tituluke panja."

Onse anamutsatira modabwa. Anaima pakhomo pa kapela, dzuwa likumuwomba kumaso. Anamasula mpango, naupinda bwinobwino, n'kupatsa Natália.

"Ichi chioneke bwino," anatero. "Tili ndi mlongo wathu Enoki ku Petauke. Anamva kuti ndinapsera m'nyumba, ndipo makalata awiri amene tinatumiza sanayankhe. Mwina akuganiza kuti akulu anga akumunamiza kuti asalire. Kavuluvulu sangamukhulupirire. Aone nkhopeyi mmene ilili, adziwe kuti mwini wake ali moyo."

Anaima nji. Manja a Cipriano ndiwo ankanjenjemera, mpaka a Marko anamubweretsera benchi kuti atsamiritse zigongono. Makina analira kamodzi.

Zithunzi zachiwirizo zinabwera Khisimisi itapita. Zina zinada bii osaoneka kanthu, zina zinatuluka zokongola kuposa zoyamba, ndipo mikangano ya pansi pa mango inatenga masiku atatu. Manja a a Kalekeni anatuluka asanu ndi atatu, iwo n'kunena kuti makina achepetsa. Chomaliza chija chinaoneka bwino kwambiri, chipsera chilichonse pamalo pake. Laurinda anachiyang'ana kamodzi, mosathamanga, nagwedeza mutu, n'kuchipereka kwa Jester pamodzi ndi kalata.

Enoki anafika mwezi wa Febuluwale pa njinga, atapalasa masiku awiri m'matope. Anagwetsa njinga pabwalo n'kumugwira mlongo wake mapewa, akulira ngati mwana. Atakhala pansi, atamwa madzi, atafunsa za amoyo ndi akufa, Laurinda analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chithunzi chofiira chija, chili m'timitengo ta nsungwi.

"Achimwene, tanenani. Mukuona chiyani apa?"

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kusonkhana kumpanda, pakuti pa Cassacatiza funso limeneli linali litasanduka mayeso a mlendo aliyense. Enoki anapukuta maso. Anachiyandikiza, anachitalikitsa, anapendeketsa mutu.

"Mbuzi," anatero motsimikiza. "Mbuzi yofiira ikuthawa njuchi."

Kumpanda kuja anthu anagwa nako kuseka. Cipriano anakuwa kuti mbuzi yake yapezeka. Laurinda anatola chipande n'kumuthamangitsa mlongo wake kuzungulira nkhokwe kawiri, Enoki akukuwa kuti amufotokozere chimene walakwa.